Kodi makhansala a Green Party amachita chiyani akalowa m'khonsolo?

Wowerenga wina amene akukhala ku England wanditumizira imelo yofunsa ngati kuvotera Green Party, chipani choika patsogolo nkhani za chilengedwe, pa chisankho cha makhansala kuli ndi phindu, popeza iye amaona kuti nkhani ya kusintha kwa nyengo ndi ya boma lalikulu, osati khonsolo. Wafunsanso ngati Mmalawi amaloledwa kuvota kumeneko. Lachiwirili ndi losavuta: Malawi ili m'bungwe la Commonwealth, choncho ngati muli ndi chilolezo chokhala m'dzikolo ndipo mwalembetsa m'kaundula wa ovota, mukhoza kuvota.

Pa funso loyamba, ine ndimaona kuti chipanichi chikatenga khonsolo, anthu sachiyesa ndi mfundo zake za nyengo, koma ndi zinyalala, misewu ndi msonkho, ndipo zimene zinachitika mumzinda wa Brighton and Hove ndi umboni wokwanira. Mu 2011 chinapeza mipando 23 mwa mipando 54 ndipo chinayamba kutsogolera khonsolo kwa nthawi yoyamba, ngakhale kuti makhansala ake sanafike theka. Inali nthawi imene boma la David Cameron linkadula ndalama zopita kumakhonsolo. Mu 2013 ogwira ntchito yochotsa zinyalala ananyanyala chifukwa cha kusintha kwa malipiro awo, zinyalala zinaunjikana m'misewu, ndipo Caroline Lucas, yemwe anali phungu wa chipani chomwecho, anaima kumbali ya onyanyalawo motsutsana ndi khonsolo yotsogoleredwa ndi anzake. Chipanichi chinataya ulamuliro mu 2015, chinabwerera mu 2020, kenako chinagonjanso mu 2023.

Gwero la mavuto otere ndi ndalama. Gawo lalikulu la bajeti ya khonsolo ya mzinda limathera pa kusamalira okalamba, olumala ndi ana osowa chitetezo, zomwe lamulo limakakamiza khonsolo kuchita, ndipo msonkho wa council tax, umene mabanja amalipira ku khonsolo, sungakwezedwe kupyola malire amene boma laika pokhapokha anthu a m'deralo atavomereza pa riferendamu. Zotsala kuti khansala achite nazo zofuna za chipani chake ndi zochepa ndithu.

Komabe pa zochepazo pamachitika zinthu zooneka. Ku Brighton anatsitsa liwiro la galimoto kufika pa mamailosi 20 pa ola m'misewu yambiri ya mumzinda. Ku Bristol, mu Novembala 2018, khansala wa Green Party Carla Denyer anabweretsa ganizo loti khonsolo ilengeze kuti kusintha kwa nyengo ndi vuto lofunika kuchitapo kanthu mwamsanga, makhansala a zipani zonse anavomereza, ndipo makhonsolo ena ambiri anatengera pomwepo, pamene chipani chake sichinali kulamulira mzindawo. Mu 2024 chinapeza mipando 34 mwa 70 mumzinda womwewo, kumene udindo wa meya wosankhidwa ndi anthu unathetsedwa ndipo zinthu tsopano zimagamulidwa m'makomiti.

Musanavote, fufuzani mtundu wa khonsolo yanu, chifukwa m'madera ena ntchito zimagawidwa pakati pa khonsolo yaing'ono ndi khonsolo ya chigawo chonse. Ku Mid Suffolk, kumene chipanichi chinapeza mipando 24 mwa 34 mu 2023 n'kulamulira chokha koyamba, khonsoloyo inali ndi udindo wotolera zinyalala, wa nyumba ndi wa zilolezo zomangira, pamene misewu ndi chisamaliro cha okalamba zinali m'manja mwa khonsolo ya chigawo chonse, Suffolk County Council. Wofuna mpando akakulonjezani njira za njinga, mufunseni ngati khonsolo imene akufuna kulowamoyo ndiyo yoyang'anira msewu wanuwo.