Maluwa alipo, nanga njuchi zili kuti?

Mayi ena a ku Zolozolo alemba pa imelo kuti iwo ndi anzawo a kumpingo anadzipereka kukonza dimba la maluwa, anagula marozi ku nazale, koma njuchi ndi agulugufe sizibwerako.

Mayi, vuto ndi marozi omwewo. Marozi ambiri ogulitsidwa ndi othithikana, moti njuchi imalephera kufika pakati pomwe pali mungu. Koma vuto lalikulu ndi ukhondo wathuwu. Timasesa mpaka dothi kuwala, timatchetcha chilichonse chomera chokha, zinyalala n'kutentha. Chonsecho njuchi zamitundu yambiri sizikhala mumng'oma, zimakumba zisa pansi kapena m'mitengo youma. Bemberezi amene ana amamuthamangitsa uja ndiye amabereketsa magalagadeya. Maungu nawo ali ndi duwa lachimuna ndi lachikazi padera, ndipo kachilombo kakapanda kusamutsa mungu m'mawa, kadzungu kamachita chikasu n'kuthothoka. Tikatero timanamizira mbewu.

Za paini ndisayambe n'komwe. Aliyense ku Mzuzu kuno akuti kudzala mitengo ndi kudzala paini ngati ku Chikangawa. Matabwa inde, koma mungu wa paini umayenda ndi mphepo, duwa la timadzi alibe. Lantana ndi deliya zimakopadi tizilombo, koma n'zobwera ndipo zimapha zomera zinzake. Musadzale.

Chochita

Fesani luni, denje ndi mpungabwi mvula ikakhazikika, m'magulu osachepera mita imodzi mbali zonse, osati kamodzikamodzi. Luni wina musamathyole, muzimusiya achite maluwa. Kumalo a chinyontho ikani katope, kumtunda masuku. Njere za mitengo iwiriyi zimafa zikauma, choncho fesani m'machubu mukangodya chipatso. M'machubu a masuku sakanizanimo dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, chifukwa mizu yake imadalira bowa wa m'nthaka. Popanda zimenezo mbande zimapinimbira. Dzalani misuku isanu kapena kuposa, poti pali mitengo yaimuna ndi yaikazi. Maenje akhale masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya.

Pakona ina siyanipo chipika chouma ndi dothi losalima. M'chilimwe ikani beseni la madzi muli miyala yoti njuchi ziterepo, ndipo muzisintha madziwo masiku atatu aliwonse kuopa udzudzu. A madimba oyandikana nanu apempheni kuti akamapopera mankhwala azipopera madzulo, njuchi zitaweruka.