Kwa achimwene a kabaza amene mwafunsa za kudyeredwa masuku pamutu

Achimwene, mwati mwini njinga yamoto mumampatsa ndalama yomwe munapangana tsiku lililonse, sanakuberenipo ngakhale tambala, ndiye a sosholizimu (okhulupirira kuti zipangizo zopangira chuma zikhale za anthu onse) akamati ogwira ntchito akudyeredwa masuku pamutu akunena chiyani?

Tiyeni tiwerengere pa tsiku lanu lomwelo. Mwadzuka mbandakucha ku Chibavi, chifunga chili tolo, zala zachita dzanzi pa handulo. Mwathamanga ku depoti, ku Luwinga, ku Katoto mpaka mdima. Ndalama yoyamba yapita ku mafuta. Yachiwiri ndi ya bwana, ndipo iyo siyisintha, kaya mvula yagwa tsiku lonse, kaya tayala laphulika. Yanu ndi yotsalayo, ngati yatsala. Muphatikize zomwe mwampatsa chiyambireni, muyerekeze ndi mtengo wa njingayo. Ambiri mupeza kuti munaigula kalekale ndi msana wanu, koma ikadali yake.

Izi n'zimene Karl Marx, mmodzi wa akuluakulu a maganizo a sosholizimu, anafotokoza m'buku lake la 1867. Wogwira ntchito amapanga chuma choposa malipiro ake, ndipo chapamwambacho chimapita kwa mwini zipangizo, kaya ndi njinga, munda kapena fakitale. Nkhani si yakuti bwana ndi wouma mtima. Akhoza kukhala mkulu wa mpingo, wokupatsani ndi ya maliro yomwe. Kupangana munapanganadi, koma pa tsiku lopanganalo iye anabwera ndi njinga, inu munabwera ndi lendi yosalipira ndi ana ofuna phala. Mukanakana, panja panali anyamata khumi odikira kiyi yomweyo.

Kwathu kuno si zachilendo. Nthawi ya atsamunda anthu ankagwira thangata, kulima m'esiteti ya mzungu ngati lendi ya malo amene anali a makolo awo. Nkhanza za pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu 1915. Thangata atatha, utenanti wa fodya unapitirirabe. Malume anga anakhalapo tenanti ku Mzimba. Chimanga, mchere, sopo, feteleza, zonse ankatenga pa ngongole kwa mwini esiteti, yemwenso ndiye ankasunga kabuku. Fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Mzuzu kuno, bwana ankatsegula kabuku kaja n'kuyamba kuchotsera. Chaka china malumewo anabwerera kumudzi ndi wailesi yokha ndi chifuwa. Lamulo la mu 2021 linaletsa utenanti, koma kulemba lamulo n'kwina, kulitsatira n'kwinanso.

Komabe ndikuchenjezeni, chifukwa ena pakati pathu amatentha msanga. Bwana wa njinga imodzi, mwina mphunzitsi amene anaigula pa ngongole, si mdani wamkulu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ndi masipeya inamupweteka iyenso. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ali ndi pokankhira ululuwo, ndipo pokankhirapo ndi inu. Mabanki ndi makampani akuluakulu ali pamwamba pa nonse awiri.

Nanga titani? Munthu mmodzi akadandaula amangolandidwa kiyi. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay konkuno amene anaphunzira ku Livingstonia, anazindikira zimenezi. Mu 1919 anayambitsa bungwe lomenyera ufulu wa apantchito lotchedwa ICU pakati pa ogwira ntchito padoko ku Cape Town, ndipo linakula mpaka boma la azungu linatekeseka nalo. Mu Meyi 1992 ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, ena n'kutsatira, pa nthawi imene kutsutsa boma kunali kuika moyo pachiswe. Lero lamulo la Labour Relations Act la 1996 limalola ogwira ntchito kukhala ndi mabungwe awo.

Ndiye yambirani pa siteji yanu. Khalani pansi nonse, mugwirizane kuti tsiku la mvula kapena la matenda mudzipereka zingati, tayala ndi oyilo agula ndani, ngozi ikachitika alipira chipatala ndani, ndiponso pakatha miyezi ingati njinga idzakhale yanu. Zimenezo zilembedwe papepala, mboni zisayine, ndipo kwa eni njinga mupite limodzi tsiku limodzi.