Masiku asanu pa njinga kuchoka ku Limbe mpaka pa Ku Chawe: kodi mukwanitsa?

Amayi ena a ku Lilongwe atilembera pa imelo. Akuti iwo ndi amuna awo akufuna kulowa nawo ulendo wa panjinga wa masiku asanu wokhala ndi wotsogolera, woyambira ku Limbe, kudzera ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, n'kukathera pa phiri la Zomba. Usiku azigona m'nyumba zakale za alendo ndi m'malo ogona a m'mapiri. Onse awiri adapitirira zaka 50, ndipo Loweruka lililonse amapalasa makilomita 25 mumzinda. Akufunsa ngati akwanitse, komanso ngati njinga zomwe ali nazo zikwanire kapena agule zina.

Mayi, mukwanitsa. Koma musatengeke ndi makilomita omwe akulemberani papepala la ulendo, chifukwa chomwe chimagonjetsa anthu pa njira imeneyi si kutalika kwa mtunda ayi. Ndi pomwe malo ogonawo ali. Azungu akale ankamanga pamwamba pothawa kutentha ndi udzudzu, choncho tsiku limathera pa chitunda, miyendo itatopa kale. Huntingdon House, nyumba yomwe Maclean Kay adamanga mu 1928 pa esiteti ya tiyi ya Satemwa, ili m'mbali mwa phiri la Thyolo, ndipo kuti mukafike mumasiya phula n'kulowa mumsewu wafumbi wa m'minda ya tiyi. Ku Likhubula nakonso mumapatuka pamsewu waukulu n'kuyamba kukwera kulunjika ku phiri. Ngakhale Hotel Masongola ku Zomba, nyumba ya mu 1886 yomwe Harry Johnston adakhalamo, ili kumtunda kwa tauni, pafupi ndi munda wa zomera wa boma. Ndiye pali Ku Chawe, hotelo ya pa phiri la Zomba. Kuchoka m'tauni ya Zomba kukafika pa hoteloyo sipakwana makilomita 10, koma mumakwera mamita pafupifupi 600, ndipo malo opumira miyendo ndi ochepa. Funso loyamba kwa wokonza ulendo likhale ili: tsiku lililonse tikwera mamita angati, ndipo chitunda chachikulu chili kumayambiriro kapena kumapeto?

Apa ndi pomwe nkhani ya njinga ikubwera, ndipo ndi nkhani ya magiya. Tembenuzani njinga yanu, muwerenge mano. Giya yaing'ono ya kutsogolo, pomwe pali mapedulo, ikhale ya mano 22 kapena 24. Giya yaikulu ya ku tayala la kumbuyo ikhale ya mano 32 kapena 34. Mukaphatikiza 22 ndi 34 pa tayala la mainchesi 26, mukapalasa kamodzi njinga imayenda mita imodzi ndi masentimita ngati 35. Ndi pang'onodi, munthu woyenda ndawala akhoza kukupezani, koma mumakwera mutakhala pachishalo, mawondo osakakamizidwa, ndipo Ku Chawe mumafika pakatha ola ndi theka kapena maola awiri. Njinga zina za mumzinda giya yake yopepuka imakhala 34 kutsogolo ndi 28 kumbuyo. Imeneyo imayenda mamita awiri ndi theka mukapalasa kamodzi, kutanthauza kuti mwendo ukugwira ntchito yotsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Pa chitunda chachifupi mumangoimirira n'kuponda. Pa chitunda cha maola awiri, bondo limayamba kuwawa kutsogolo, ndipo m'mawa mwake simufuna kuionanso njinga.

Ngati njinga zanu ndi zija za m'mapiri zokhala ndi magiya atatu kutsogolo, musagule zina. Ndalamazo mulipire makaniki. Ngati giya yaikulu ya kumbuyo ndi ya mano 28, aisinthe, koma ayambe waona ngati kachipangizo kosuntha tcheni kumbuyo kangathe kufika pa 34, chifukwa kena n'kakafupi ndipo kamakhula magiya. Mukasintha magiya a kumbuyo musinthenso tcheni. Tcheni chakale chimakhala chitatamuka, pa mano atsopano sichikhala bwino, ndipo mano atsopanowo chimawadya msanga. Zonsezi zichitike kudakali milungu itatu kapena inayi. Waya watsopano wa magiya amatamuka masiku oyamba, choncho njinga yokonzedwa dzulo lake imayamba kulumpha magiya muli pakati pa ulendo.

Matayala akhale onenepa mamilimita 38 mpaka 50, a mapindi apakatikati, poti muyenda pa phula ndi pa fumbi pomwe. Musapope mpaka kuuma gwa. Tayala louma kwambiri limadumphadumpha pa miyala ya m'esiteti ndipo manja amachita dzanzi, pomwe lofewetsa limapanikiza chubu pa limu mukagunda mwala, n'kuboola timabowo tiwiri toyang'anizana. Ziwerengero za mpweya zalembedwa m'mbali mwa tayala. Khalani chapakati, la kutsogolo lifewerepo pang'ono.

Pali chinthu china chomwe ambiri sachiganizira. M'misika ya m'njira monga Luchenza, Chitakale, Phalombe ndi Jali muli okonza njinga aluso, chifukwa kabaza ndiye mayendedwe a kumeneko. Kumata chubu, kuwongola limu, kumanga sipoko, amachita mwachangu ndithu. Koma katundu wawo ndi wa matayala a mainchesi 26 ndi 28. Ngati zanu ndi za 27.5, 29 kapena 700c, kapena valavu yake ndi ija yoonda ya Presta, musayembekeze kupeza chubu kapena pampu yokwana. Aliyense anyamule machubu awiri a saizi yake, zigamba ndi guluu wosatsegula (wotsegula kale amauma m'kachubu kake), pampu, timasipanala ta Allen ta 4, 5 ndi 6, kolumikizira tcheni kogwirizana ndi chiwerengero cha magiya anu, ndi mabuleki apadera awiri. Onjezani kachitsulo komwe chosunthira tcheni chimamangiriridwapo ku felemu. Adakapanga kofewa dala kuti kazipindika njinga ikagwa, felemu ipulumuke, ndipo mtundu uliwonse wa njinga uli ndi kake. Kakathyoka mulibe kena, ulendo wotsalawo muuthera m'galimoto.

Kutsika Ku Chawe n'koopsa kuposa kukwera. Msewu ndi wokhotakhota, galimoto zimabwera mbali zonse, ndipo m'mbali mumayenda anthu otsika ndi njinga zosenza nkhuni. Musafinye mabuleki osalekeza kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati ndi mabuleki ogwira pa limu, limu imatentha, mpweya m'chubu umafufuma, ndipo tayala likhoza kuphulika. Ngati ndi a disiki, akatentha amasiya kugwira. Finyani onse awiri mwamphamvu musanafike pokhota, mulekeze, mudzafinyenso kutsogolo. Pakati pa mtsetse imani mphindi zisanu, muyandikize dzanja pa limu osaigwira; ngati mukumva kutentha, dikirani.

Tsiku lalitali ndi lochoka ku Mulanje kupita ku Zomba. Msewu wa Chitakale, Phalombe, Jali mpaka Zomba ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mbali yaikulu ndi chigwa chopanda mthunzi wokwanira. Ngati papepala alemba kuti tsiku lomwelo mukagona Ku Chawe, kanani. Mugone m'tauni ya Zomba, phiri mulikwere m'mawa mwake. Wokonza ulendo wanzeru amathanso kukunyamulani pagalimoto mpaka pa Phalombe kuti mtunda uchepe, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Mumufunsenso za milatho ndi malo okumbika, chifukwa namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 adaononga kwambiri misewu ya ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo wotsogolera weniweni ndi yemwe wadutsamo posachedwa.

Pa chigwacho imwani theka la lita kapena kupitirirapo ola lililonse, musadikire ludzu. Botolo limodzi likhale la madzi okha, lina la Thanzi ORS, kapena sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Madzi okhaokha thukuta likutuluka kwambiri angathe kubweretsa kukokana kwa minofu ndi mutu madzulo. Idyani kanthu ola lililonse: nthochi, mbatata yootcha, mtedza wokazinga. Nsima yambiri masana imagwetsa ulesi, isungireni madzulo.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Vuto la miyezi imeneyi ndi chiperoni, chifunga chija cha mvula yowaza chomwe chimakuta Thyolo ndi Mulanje, nthawi zina kwa masiku angapo. Dothi lofiira la m'minda ya tiyi likanyowa limaterera ngati therere, komanso limamatirira pakati pa tayala ndi felemu mpaka tayala kuleka kuzungulira. Nyamulani jekete yopepuka yosalowa madzi, juzi la usiku poti pamwamba pa Zomba pamazizira zedi, ndi nyali ziwiri, yofiira kumbuyo ndi yoyera kutsogolo, zoyatsa ngakhale masana m'chifunga. Mu Juni dzuwa limalowa nthawi isanakwane hafu pasiti faifi, choncho muzinyamuka 7 koloko isanakwane. Mphepo ya mwera imachokera kummwera chakum'mawa: ikulimbanani popita ku Mulanje, koma ikukankhani pa chigwa cha Phalombe, ndipo n'chifukwa chake njirayi ndi yabwino kuiyenda motere kusiyana ndi kuitembenuza. Okutobala mupeweni.

Musanalipire, wokonza ulendo akuyankheni molemba. Kodi galimoto yonyamula zikwama imatsatira m'mbuyo tsiku lonse, kapena imangokatula katundu n'kubwerera? Ili ndi malo a anthu ndi njinga zingati? Otsogolera alipo awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo kwa munthu wotsalira? Zipinda zasungitsidwa kale? Nyumba zakalezi zipinda zake n'zochepa, Huntingdon House ili ndi zisanu zokha, ndiye gulu likakula ena amakagonekedwa kwina osauzidwa. Funsaninso za neti pa bedi, ndi malo otsekeka osungira njinga usiku. Ngati pali tsiku lopuma ku Likhubula, ndi labwino kuyenda wapansi kukaona Dziwe la Nkhalamba ndi wolondolera wa pomwepo. Tinyumba ta pamwamba pa phiri monga Chambe ndi Lichenya sitifikika pa njinga, ndipo kukwerako kumafuna masiku akeake.

Kukonzekera kwanu, mayi, kutenge milungu 8. Onjezerani mtunda wa Loweruka ndi makilomita asanu mlungu uliwonse mpaka mufike 60, ndipo Lamulungu muzipalasanso theka lake, chifukwa chomwe thupi liyenera kuzolowera ndi kukweranso chishalo tsiku lachiwiri. Gulani kabudula wa opalasa njinga wokhala ndi siponji, wovala popanda chamkati, awiri kuti wina azichapidwa. Chishalo chikwezeni mpaka mwendo uziwongoka chidendene chikakhala pa pedulo ili pansi. Lilongwe ilibe zitunda zazitali, choncho kawiri kapena katatu kwezani njinga pagalimoto mupite ku Nkhoma kapena ku Dedza, mupeze chitunda chotenga mphindi 20, muchikwere katatu pa giya yopepuka ija mutakhala pansi. Mukatha kulankhulana ndi bambo pokwera kachitatu, osabanika, lipirani ulendowo.