Mdulidwe, kuumbala kapena jando? Mafunso anu pa mawu okambira mwambo wa Ayuda

Mafunso a ulendo uno akukhudza mwambo wa Ayuda wochotsa khungu la kunsonga kwa maliseche a mwana wamwamuna, komanso mkangano umene wabuka pa mwambowu m'mayiko a azungu. Nkhani za kumalo obisika Chichewa chimazikamba mozungulira, ndiye wolemba akapanda kusamala amapezeka kuti watukwana, kapena wazungulira mpaka owerenga osamva kanthu.

Mphunzitsi wa Sande sukulu ku Dedza akufunsa: "Baibulo langa likuti Abrahamu adadulidwa, la mnzanga likuti adaumbalidwa. Ana akufuna kudziwa lolondola. Ndiwayankhe bwanji?"

Aphunzitsi, auzeni anawo kuti onse awiri ndi olondola. Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922, lidasankha kudula ndi mdulidwe. Buku Loyera la mu 1998 lidasankha kuumbala. Kusiyana kwake n'kwakuti kudula kuli ndi ntchito zambiri: timadula mtengo, timadula chingwe, ndipo kumsika timadandaula kuti feteleza wadula. Mukangoti "adamudula" popanda chiganizo china chothandizira, womvera akhoza kufunsa kuti adamudula pati, ndi chiyani. Kuumbala kulibe vuto limenelo chifukwa tanthauzo lake ndi limodzi basi.

Komabe amene apambana pakamwa pa anthu lero ndi mawu oti mdulidwe, ndipo chawapambanitsa ndi chipatala ndi wailesi. Kuyambira pamene azaumoyo adayamba kulimbikitsa mdulidwe wa abambo, palibe amene amamva mawuwa n'kuganiza za mitengo. Mapangidwe ake ndi ofanana ndi mchitidwe ndi mkhalidwe. Musawasokoneze ndi kadulidwe, amene amanena za njira yodulira, monga kadulidwe ka nsalu kwa telala. Mukalemba "kadulidwe ka Ayuda" ndiye kuti mukufuna kufotokoza m'mene mpeni umayendera, osati mwambo wonse.

Pophunzitsa Genesis 17 samalaninso ndi mawu oti khungu. Ana amadziwa khungu la thupi ndi khungu la maso, ndiye nenani poyera kuti ndi kachikopa ka kunsonga kwa chiwalo cha mwamuna. Mutu umenewu umati Abrahamu anali ndi zaka 99, Ismaele zaka 13, ndipo mdulidwe udaperekedwa ngati chizindikiro cha pangano la Mulungu ndi Abrahamu pamodzi ndi zidzukulu zake. Gwiritsani mawu oti pangano kapena chipangano. Mgwirizano ndi wa anthu ofanana mphamvu amene akambirana n'kusainirana, zomwe si zimene zikuchitika pamenepa.

Wophunzira wina wa zaubusa ku Zomba akuti: "Pofuna kuti anthu akwathu amve msanga, ndalemba kuti brit milah ndi jando la Ayuda ndipo mohel ndi ngaliba wawo. Kodi ndalakwa?"

Achimwene, mtima wofuna kuti anthu amve ndi wabwino, koma chiganizocho chifufuteni. Chimene jando ndi brit milah zikufanana ndi mpeni wokha. Jando la Ayao, monga la ku Mangochi ndi Machinga, ndi chinamwali. Amapitako ndi anyamata osinkhukirapo, amakabindikira ku ndagala kwa masabata angapo kutali ndi amayi awo, amalangizidwa, ndipo potuluka amawayesa anthu aakulu. Brit milah, kutanthauza pangano la mdulidwe m'Chihebri, amachitira khanda la masiku ochepa. Palibe chilangizo chifukwa wolangizidwayo sanayambe n'kumva komwe. Palibenso chinsinsi: mwambo umachitikira kunyumba kapena kusunagoge, abale ndi anansi atasonkhana, kawirikawiri m'mawa. Khandalo amalifukata pamiyendo ndi munthu wolemekezeka wotchedwa sandek, amene nthawi zambiri amakhala agogo ake aamuna. Pamakhala mpando umene amautcha wa mneneri Eliya. Mohel akamaliza ntchito yake amanena madalitso pa chikho cha vinyo, mwana amamutcha dzina lake lachihebri, kenako anthu amadya. Za kukula kwa mnyamata wachiyuda zili ndi mwambo wake wina, bar mitzvah, akakwanitsa zaka 13, ndipo kumeneko kulibe mpeni.

Choncho mukati jando la Ayuda, wowerenga wa ku Malawi aona m'maganizo mwake zithando, ng'oma ndi anamwali, pomwe zonsezi kulibe. Mawu oti mohel asiyeni m'mene alili, n'kufotokoza kamodzi kuti ndi Myuda wophunzitsidwa kuchita mdulidwe motsata malamulo a chipembedzo. Ena mwa iwo ndi madokotala enieni. Ngaliba ali ndi udindo wake pakati pa Ayao, ndipo kumubwereka kuti akaimire munthu wina n'kuwalakwira onse awiri.

Mayi ena a ku Area 25 ku Lilongwe akufunsa: "Luka 2:21 imanena za masiku asanu ndi atatu. Kodi ndilembe kuti Yesu adachitidwa mdulidwe patatha masiku 8, kapena pa tsiku la 8? Kapena n'chimodzimodzi?"

Mayi, si chimodzimodzi. Lamulo la pa Levitiko 12:3 likunena za tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo Ayuda powerenga amayamba ndi tsiku lobadwalo ngati loyamba. Mwana akabadwa Lolemba masana, mwambo wake ndi Lolemba lotsatira. Mukalemba "patatha masiku 8", wowerenga wa lero awerenga mpaka Lachiwiri. Palinso china: tsiku lachiyuda limayamba dzuwa likalowa, ndiye wobadwa Lolemba usiku amamuwerengera kuti wabadwa Lachiwiri.

Polemba ndimakonda "tsiku la 8" kapena "tsiku lachisanu ndi chitatu" ndi l wamng'ono. Mukaika L wamkulu, maso a wowerenga amathamangira ku Lachisanu la pa kalendala.

Tsikuli Ayuda amalilemekeza kwambiri moti ngakhale litagwera pa Sabata mwambo umachitikabe, nkhani imene Yesu adaikumbutsa omutsutsa pa Yohane 7:22-23. Chimene chimalisuntha kawirikawiri ndi thanzi la mwana. Khanda likakhala ndi chikasu kapena likudwala, amadikira kuti lichire. Talmud, buku lakale lofotokoza malamulo a Ayuda, imakambanso za banja limene ana aamuna adamwalira motsatizana chifukwa cha mdulidwe, n'kulamula kuti wotsatirayo asamuchite. Aphunzitsi a malamulo achiyudawo adangosiyana pa chiwerengero cha ana omwalirawo, ena akuti awiri, ena atatu. Madokotala a lero amaona m'lamulo limeneli chithunzi cha matenda a magazi osaundana amene amayenda m'banja kudzera kwa mayi.

Mtolankhani wina wa pa wailesi walemba kuti: "Ndimamasulira nkhani zakunja. Otsutsa mwambowu ku Ulaya amagwiritsa ntchito mawu aukali, ngati kunena kuti mwana amamupundula. Oikira kumbuyo amati ndi ufulu wachipembedzo. Ndisankhe mawu ati kuti ndisaoneke kuti ndili mbali ina?"

Bambo, funso lanu ndi limene ndikhalitsepo, chifukwa m'Chichewa mbali imene muli imaonekera pa mneni musanafike n'komwe pa mawu aukaliwo. Taonani ziganizo izi. "Mwana wachitidwa mdulidwe": mwanayo ndi wongolandira. "Makolo amuchititsa mdulidwe mwana": aganiza ndi makolo. "Bambo uja wakachititsa mdulidwe", kapena m'kayankhulidwe ka m'tauni "wakapangitsa mdulidwe": wanyamuka yekha kupita kuchipatala. Nanga "mwana wachita mdulidwe"? Chiganizo chimenechi ndimachimva kawirikawiri, ndipo pa khanda la masiku 8 n'cholakwika, chifukwa chikulipatsa khandalo chisankho chimene silidapange. Mkangano wonse wa ku Ulaya wagona pomwepo: ndani ayenera kuvomera, makolo lero, kapena mwiniwake wa thupilo akadzakula?

Udafika pachimake mu 2012 pamene khoti la mumzinda wa Cologne ku Germany lidagamula kuti kuchita mdulidwe mwana wamng'ono pa zifukwa zachipembedzo ndi kuvulaza thupi, ngakhale makolo atavomera. Mlanduwo unkakhudza mnyamata wachisilamu wa zaka 4 amene adataya magazi patapita masiku ochepa, ndipo dokotalayo sadamupeze wolakwa. Koma chigamulocho chidagwedeza Ayuda ndi Asilamu omwe. Kwa Ayuda, kuletsa mdulidwe si nkhani yachilendo: mfumu yachigriki Antiochus IV, imene inkalamulira Ayuda, idauletsa cha m'ma 167 Khristu asanabadwe, ndipo mabuku a Amakabeo amasimba za amayi amene adaphedwa chifukwa chochititsa ana awo mdulidwe. Ndiye kumva khoti la ku Germany, dziko limene lidapha Ayuda mamiliyoni m'nthawi ya Hitler, likutcha mwambowu mlandu, kudatsegula mabala akale. Pofika Disembala chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo lolola mdulidwe ngati ukuchitika motsata luso lachipatala, ndipo m'miyezi 6 yoyamba ya mwana lidalola kuti auchite munthu wachipembedzo wophunzitsidwa bwino ngakhale si dokotala.

Ku Iceland mu 2018 phungu wina adabweretsa bilu yoti wochita mdulidwe mwana popanda chifukwa chachipatala azikhala kundende mpaka zaka 6, koma siidadutse. Ku Denmark nzika zoposa 50,000 zidasainira pempho loti mdulidwe uzidikira zaka 18, aphungu n'kulikana mu 2021. Sweden idatenga njira yapakati kuyambira 2001: siidaletse, koma imafuna mankhwala oletsa ululu komanso kuti dokotala kapena namwino akhalepo. Lamulo la ana la ku South Africa limaletsa mdulidwe kwa osakwana zaka 16 pokhapokha pa zifukwa zachipembedzo kapena zachipatala. Ngakhale madokotala sagwirizana. Bungwe la madokotala a ana ku America lidati mu 2012 ubwino wake ukuposa kuopsa kwake, koma osati mokwanira kuti liuze makolo onse kutero, pomwe bungwe la madokotala ku Netherlands lidanena mu 2010 kuti mchitidwewu uyenera kugwetsedwa mphwayi.

Tsono pa mawu. Kupundula m'Chichewa n'kusiya munthu wolumala, wosathanso kugwiritsa ntchito chiwalo. Ndi mawu a mbali imodzi, ndipo mukawanena ngati anu mwaweruza kale. Ngati wotsutsa wawanena, aperekeni kwa mwiniwake: "gululi likuti mwana amamupundula". Chimodzimodzi kuvulaza: nenani kuti "khotilo lidati n'kuvulaza". Mbali inayo nayonso ili ndi mawu ake ozembera, monga "kakhungu chabe" kapena "kamwambo kakang'ono", pamene ka- akugwira ntchito yochepetsa nkhani imene kwa ena si yaing'ono. Mawu anuanu akhale mdulidwe, kuchitidwa mdulidwe, ufulu wa mwana pa thupi lake, ufulu wa makolo wolera ana m'chipembedzo chawo. Pewani "chilolezo cha mwana", chifukwa chilolezo chimachokera kwa wamkulu kapena ku ofesi. Nenani "kuvomera kwa mwiniwake".

Musaonetsenso ngati Ayuda onse ali pamodzi. Alipo ochepa amene amachita mwambo wotcha dzina wopanda mpeni, umene amautcha brit shalom. Kumbali ina kuli magulu ena okhwimitsa malamulo amene mohel wawo amayamwa magazi pabala ndi pakamwa, mchitidwe umene azaumoyo ku New York adaupeza kuti udapatsira makanda ena kachilombo ka herpes. Mzindawo udalamula mu 2012 kuti makolo azisainira kaye, n'kuchotsa lamulolo mu 2015. Ambiri ochita mdulidwe satero, amagwiritsa ntchito kachubu kapena kansalu kachipatala.

Chomaliza kwa inu: omvera anu akangomva mdulidwe amaganiza za HIV, ndipo mpake. Mu 2007 bungwe la WHO ndi UNAIDS adavomereza mdulidwe wachipatala potsatira kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, Kisumu ku Kenya ndi Rakai ku Uganda, amene adaonetsa kuti umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge kachilomboka kwa mkazi. Koma kafukufukuyu adachitika pa anyamata akuluakulu ndi abambo amene adavomera okha, ndiye kuti adakachititsa. Myuda sachititsa mwana wake mdulidwe pofuna kupewa matenda, amatero chifukwa cha pangano. Nkhani ziwirizi muzilekanitse powerenga.

Wachinyamata wina wa ku Ndirande akuti: "M'busa wathu amakonda kutcha anthu ochimwa kuti osadulidwa. Kodi si kutukwana kumeneku?"

M'Baibulo mawuwa amaluma ndithu. Davide adatcha Goliati Mfilisti wosadulidwa pa 1 Samueli 17:26, kutanthauza munthu wa kunja kwa pangano. Mose ndi Yeremiya adawatembenuzira kwa Aisraeli eniake ponena za mdulidwe wa mtima, monga pa Deuteronomo 10:16 ndi Yeremiya 4:4, ndipo Paulo adabwereza mfundoyi pa Aroma 2:29. Ndikhulupirira kuti abusa anu akutanthauza zimenezo. Vuto n'lakuti mumpingo wa ku Blantyre mwakhala Ayao ndi Alhomwe ena amene kwawo mdulidwe ndi mwambo, pamodzi ndi Achewa, Angoni ndi Atumbuka amene ambiri makolo awo sankauchita. Mawu oti wosadulidwa akatuluka okha, theka la abambo limva ngati akunenedwa za m'thalauza. Msonkhano wa ku Yerusalemu wa pa Machitidwe 15 udagamula kale kuti Akhristu a mitundu ina sakakamizidwa kuchita mdulidwe. Apempheni abusawo mwaulemu kuti azimaliza mawuwo, aziti "osadulidwa mtima", kapena angoti "ouma mtima".