Kukonza zithunzi zambiri nthawi imodzi: musathamangire Python kaye

Achimwene, mwati mukajambula ukwati kapena chinkhoswe kuno ku Blantyre mumabwerako ndi zithunzi mazanamazana, ndiye mukufunsa ngati muphunzire Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, kuti kompyuta izizichepetsa yokha n'kuikapo dzina la studio. Ine ndingati Python idikire kaye.

Ngati muli ndi Photoshop, yambani ndi Actions, gawo lomwe limasunga zomwe mwachita pa chithunzi chimodzi n'kuzibwereza pa zina. Tsegulani chithunzi chimodzi, dinani Record, chitani zonse mumachita masiku onse zija, kuchepetsa, kuika dzina pakona, kusunga. Mukatero pitani pa File, Automate, Batch, n'kulozera foda yonse. Ntchito yatha, ndipo simunalembe ngakhale mzere umodzi wa pulogalamu.

Ngati Photoshop mulibe, tsitsani ImageMagick, pulogalamu yokonzera zithunzi yomwe mumailamula polemba mawu. Ndi yaulere, ndipo mukangoitsitsa siidyanso bandulo. Mkati mwa foda ya zithunzi zanu pangani foda yotchedwa zochepa, kenako tsegulani Command Prompt kapena Terminal (polembera malamulo a kompyuta) muli mufoda ya zithunziyo n'kulemba izi:

magick mogrify -path zochepa -auto-orient -resize 1600x1600 -quality 82 *.jpg

Pa -path paja ndi pofunika kusamala kwambiri. Mukapaiwala, mogrify imalemba pamwamba pa zithunzi zenizeni, ndipo akadzabwera eni ukwati kuti akufuna chachikulu chopachika pakhoma, mudzangogwira pakamwa. -auto-orient imawerenga zomwe kamera inalemba mu EXIF, uthenga wobisika m'chithunzi, kuti zithunzi zojambula choimirira zisatuluke zitagona chammbali. 1600x1600 sikuti ifinya nkhope za anthu ayi, imangoonetsetsa kuti mbali yaitali isapitirire mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 1600, zomwe n'zokwanira potumiza pa WhatsApp.

Python, pamodzi ndi Pillow, chida chake chogwirira zithunzi, imafunika pamene kompyuta iyenera kusankha yokha. Mwachitsanzo mwajambula ana a sukulu ku Ndirande, mayina awo ali mu Excel, ndipo mukufuna chithunzi chilichonse chitenge dzina la mwana wake. Kapena dzina la studio likhale malo ena pa chithunzi choimirira, malo enanso pa chogona. Pamenepo phunzirani for (kubwereza ntchito) ndi if (kusankha) basi, zinazo zibwera m'njira. Okonda GIMP, pulogalamu yaulere yofanana ndi Photoshop, GIMP 3.0 yomwe inatuluka mu 2025 imalola kulemba ndi Python 3.

Za kuwala ndi mtundu zokha musazisiyire script, kapulogalamu kongodziyendera kokha. Zojambula m'holo ya mababu achikasu ndi zojambula panja dzuwa lili paliwombo sizingalandire mankhwala amodzi, diresi la mkwatibwi limatha kusanduka lachikasu. Zigaweni m'mafoda malinga ndi malo omwe munajambulira, yesani kaye pa zithunzi zisanu, mukakhutira muyendetse zonse.