Ndalama za bungwe la ophunzira zamalamulo: yankho kwa msungichuma ndi kwa kholo

Mafunso awiri andifika kuchokera kwa anthu osadziwana, koma popeza nkhani yake ndi imodzi, ndiwayankha pamodzi. Loyamba lachokera kwa mnyamata wa chaka chachitatu pa sukulu ya zamalamulo ya yunivesite ina muno mu Lusaka, amene anzake angomusankha kukhala msungichuma wa bungwe lawo. Iye akuti m'thumba la bungwe muli K6,000 yokha, komiti yakale sinasiye buku lililonse la ndalama, makalata opempha thandizo amene analembera makampani a maloya sanayankhidwe, ndipo komiti yatsopano ikufuna zinthu ziwiri chaka chino: phwando la chakudya chamadzulo ku hotela, ndi kutumiza timu ku mpikisano wa milandu yoyeserera kunja kwa dziko. Lachiwiri lachokera kwa mayi a ku Chilenje amene mwana wawo wamkazi ali m'chaka chachiwiri. Mayiwo akuti sipapita mwezi mwanayo asanapemphe ndalama za bungwe, za tikiti kapena za chovala cha phwando, ndipo akufunsa ngati zimenezi zili mbali ya maphunziro kapena n'kungomwaza ndalama zimene iwo amapeza movutikira.

Ndiyambe ndi inu a msungichuma. Pa mavuto amene mwatchula, lalikulu si kuchepa kwa ndalama ayi, koma kusowa kwa buku lija, ndipo ndikukhulupirira kuti makalata anu akugona m'maofesi chifukwa cha vuto lomweli. Loya amene mukumupempha ndalama ndi munthu amene ntchito yake imamukakamiza kusunga ndalama za makasitomala mu akaunti yapadera, yosasakanikirana ndi yake, ndipo akudziwa kuti Law Association of Zambia, bungwe la maloya limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1973, limalandira madandaulo okhudza maloya osasamala ndalama za anthu. Munthu wotere akalandira kalata yongonena kuti "tithandizeni ndi chilichonse chimene mungathe", yopanda mtengo wa chinthu chilichonse, yopanda akaunti ya bungwe, koma nambala ya foni ya wophunzira mmodzi, amaona pomwepo kuti ndalama yake sadzaidziwa kumene yapita. Sakukanani chifukwa cha umbombo. Akukanani chifukwa palibe chomutsimikizira.

Choncho mwezi wanu woyamba usathere pa kupempha. Pitani ku ofesi yoona za ophunzira, imene pa mayunivesite ambiri imatsogoleredwa ndi Dean of Students, mukatsimikize kuti bungwe lanu ndi lolembetsedwa chaka chino komanso kuti malamulo oyendetsera bungwe alipo pa fayilo. Pemphani mphunzitsi mmodzi wa pa sukulu yanu akhale mlangizi wa bungwe, ndipo dzina lake lizioneka pa kalata iliyonse yopita kunja. Kenako funsani ngati ndalama za bungwe zingasungidwe kudzera ku ofesi ya zachuma ya yunivesite, kapena ngati mukuloledwa kutsegula akaunti ku banki m'dzina la bungwe. Mukatsegula, pakhale osainira atatu, ndipo ndalama isatuluke popanda awiri mwa iwo. Airtel Money ndi MTN MoMo n'zothandiza potolera zopereka za mamembala, koma nambala yake isakhale imene inu mumagulira mayunitsi ndi chakudya. Ndikunena izi pofuna kukutetezani inuyo, chifukwa ndalama za gulu zikasakanikirana ndi zanu, ngakhale musadyepo ngwee imodzi, simudzakhala ndi njira yodziyeretsera tsiku limene wina adzakuloze chala.

Za K6,000 ija, lembani kalata yaifupi yosainidwa ndi inu, wapampando ndi mlangizi, yonena kuti pa tsiku lakutilakuti komiti yatsopano inalandira ndalama zakutizakuti popanda buku. Musanyoze anzanu akale m'kalatamo, ingolembani zimene mwapeza. Kuyambira pamenepo lisiti lililonse lisungidwe ndi kujambulidwa, ndipo kumapeto kwa mwezi mamembala onse aziona tsamba limodzi losonyeza zolowa, zotuluka ndi zotsala.

Tsopano tibwere pa phwando ndi mpikisano. Maganizo anga sindibisa: ngati ndalama sizikwanira zonse ziwiri, mpikisano ukhale patsogolo, ndipo phwando lidzilipire lokha kudzera m'matikiti. Phwando silolakwika, ndipo ophunzira amene alimbana ndi mabuku chaka chonse ali ndi ufulu wosangalala, koma limatha usiku umodzi, pamene wophunzira amene waimapo pamaso pa oweruza atatu n'kuyankha mafunso osayembekezeka amatenga luso limene adzaligwiritsa ntchito ku Zambia Institute of Advanced Legal Education (ZIALE), sukulu imene omaliza digiri amadzerako asanavomerezedwe kukhala maloya, ndi m'makhoti kwa moyo wake wonse.

Mipikisano imeneyi, imene ophunzira amaitcha moot, imasiyana kwambiri pa mtengo, ndipo komiti yanu isankhe ikudziwa kusiyanako. Wotchuka kwambiri ndi wa Philip C. Jessup, umene unayamba mu 1960 ndipo umayeserera mlandu wa pakati pa mayiko awiri pamaso pa International Court of Justice, khoti loweruza milandu ya pakati pa mayiko. Nkhani ya mlandu imatuluka cha mu September, mfundo zolembedwa za mbali zonse ziwiri zimaperekedwa mu January, ndipo ndime yomaliza imachitikira ku Washington. Timu imatha kukhala ndi ophunzira mpaka asanu, ndiye mukawerengera ndege, malo ogona, ndalama yolembetsera ndi viza ya ku America, mudzaona kuti uwu si ulendo woyamba kuukonzekera miyezi iwiri isanakwane. Wina ndi wa ufulu wachibadwidwe wa mu Africa, umene Centre for Human Rights ya pa University of Pretoria inayambitsa mu 1992 ndipo tsopano umadziwika ndi dzina la malemu Christof Heyns. Uwu umayeserera mlandu pamaso pa khoti la Africa loona za ufulu wa anthu la ku Arusha, timu yake ndi ya ophunzira awiri okha, ndipo umachitikira m'dziko losiyana chaka ndi chaka, moti mtengo wa ulendo umadalira kumene ukuchitikira chakacho. Kwa bungwe limene likungodzuka kumene ngati lanu, uwu ndi umene ndingayambe kuufufuza. Dziwaninso kuti timu imapita m'dzina la yunivesite, osati la bungwe la ophunzira, choncho mkulu wa sukulu ya zamalamulo ayenera kuvomereza musanalembetse, ndipo ofesi yake ndiyo khomo loyamba kugogodapo pa nkhani ya ndalama.

Koma musanaganize za ndege, konzani mpikisano wa pa sukulu panu pomwe. Chipinda chophunzirira mudzachipeza mwaulere mukapempha msanga, oweruza akhoza kukhala aphunzitsi anu ndi maloya achinyamata amene anaphunzira pomwepo, zigamulo za makhoti athu zilipo zaulere pa intaneti pa tsamba la ZambiaLII, ndipo ndalama zanu zidzangopita ku madzi akumwa, kusindikiza mapepala ndi kamphatso ka opambana. Mukatero mwapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: njira yachilungamo yosankhira oimira sukulu, kuti pasadzakhale mawu akuti wapampando anasankha anzake, ndi zithunzi ndi lipoti zoti muonetse amene mukuwapempha thandizo. Chaka chotsatira mukhoza kuitana anzanu a ku UNZA, University of Lusaka, Cavendish kapena Zambian Open University, popeza onsewa ali mumzinda umodzi ndipo ulendo wake ndi wa minibasi.

Kalata yopempha thandizo ikhale ya tsamba limodzi, ndipo bajeti ikhale tsamba lachiwiri. Nenani chochitikacho, tsiku, malo, chiwerengero cha ophunzira amene adzapindule, ndalama zonse zofunika, zimene mamembala asonkha kale, ndi chinthu chenicheni chimene mukupempha kampaniyo. Kupempha tikiti imodzi ya ndege, kapena chakudya chamasana cha oweruza, kumayankhidwa msanga kuposa kupempha "thandizo". Ambiri amene sangatulutse ndalama akhoza kukubwerekani chipinda chawo chochitira misonkhano, kukusindikizirani mapepala, kapena kutumiza loya wawo kuti aziphunzitsa timu yanu Loweruka, ndipo nthawi zina thandizo lotere limaposa ndalama. Yambani ndi amene anaphunzira pa sukulu yanu, chifukwa iwo amakumbukira mmene zinalili. Kalatayo muipereke pamanja, mufunse dzina la amene amaona nkhani zotere, ndipo mubwererenso mwaulemu pakatha sabata ziwiri. Makampani ambiri amakonza bajeti ya chaka chotsatira chaka chisanathe, ndiye chochitika cha mu April chipemphedwe mu October, osati mu March. Musaiwale mabanki, makampani a inshuwalansi, mabungwe oona za ufulu wa anthu ndi maofesi a akazembe, koma aliyense mumulembere pa nkhani imene ikumukhudza.

Pali ndalama zina zimene muyenera kuzikana ngakhale m'thumba muli mbee. Za kaloba musazikhudze n'komwe, ngakhale wina atakuuzani kuti matikiti akagulidwa mudzabweza, chifukwa ngongoleyo idzalembedwa m'dzina lanu ndipo komiti ikadzatha mudzatsala nayo nokha. Za andale muzisamale nazo kwambiri, makamaka m'chaka cha chisankho, chimene malamulo a dziko lino anachiika pa Lachinayi lachiwiri la August zaka zisanu zilizonse. Bungwe lanu lili ndi mamembala a zipani zosiyanasiyana, ndipo likangodziwika kuti ndi la chipani chakuti, oweruza ndi maloya ambiri adzayamba kulizemba. Woweruza mukhoza kumuitana kuti adzalankhule kapena adzaweruze ndime yomaliza, polemba kalata yaulemu kudzera ku ofesi ya khoti lake, koma musamupemphe ndalama, ndipo musamukhazike pampando umodzi ndi wothandiza amene mukudziwa kuti ali ndi mlandu pamaso pake. Komanso kampani ya maloya ikakuuzani mmene dzina lake liyenera kuonekera pa chikwangwani, mverani, chifukwa maloya ali ndi malamulo awoawo okhudza kudzitsatsa.

Pa phwando lija, lamulo langa ndi limodzi: musasainire pangano ndi hotela potengera malonjezo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tengani makotesheni atatu, werengerani mtengo wa munthu mmodzi, onjezerani pang'ono za mwadzidzidzi, ikani tsiku lomaliza kugula tikiti, ndipo chiwerengero chimene mupereke ku hotela chikhale cha amene alipira kale. Funsani ngati malowo ali ndi jenereta, popeza tonse tikukumbukira kuzima kwa magetsi kwa 2024 madzi atachepa ku Kariba, ndipo ngati ndi nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka kumayambiriro kwa April, musadalire bwalo lapanja. Tsikulo litalikirane ndi mayeso. Ngati tikiti yafika pa mtengo woti theka la kalasi silingakwanitse, sinthani malo, chifukwa bungwe ndi la onse, osati la ana a anthu opeza bwino okha.

Mukafuna kuchita tsiku lothandiza anthu pa zamalamulo ku Kanyama kapena ku Mtendere, limene ndi ntchito yabwino ndithu, kumbukirani kuti Legal Practitioners Act salola munthu amene sanavomerezedwe kugwira ntchito ngati loya. Chitani zimenezi pamodzi ndi Legal Aid Board, kapena National Legal Aid Clinic for Women, kapena maloya ovomerezeka, inu n'kumaphunzitsa anthu za ufulu wawo ndi kuwalozera koyenera kupita. Msonkhano wa pabwalo kunja kwa sukulu umafunanso kudziwitsa apolisi ndi akuluakulu a deralo nthawi ikadalipo.

Kwa inu mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo simukulakwa kufunsa. Zopereka za bungwe si fizi, ndipo digiri ya mwana wanu siidalira phwando lililonse. Komabe sindingakulangizeni kuti mumuletse kulowa m'bungwe, chifukwa ntchito ya uloya imayenda kwambiri ndi kudziwana, ndipo m'zochitika zoterezi ndi mmene wophunzira amakumana ndi maloya amene angadzamulandire kuti aphunzire ntchito pa tchuthi. Khalani naye pansi kumayambiriro kwa temu, akuuzeni zonse zimene bungwe lakonza ndi mitengo yake, ndipo mugwirizane ndalama imene mungakwanitse pa temu yonse. Pa ndalamayo, chopereka cha umembala, mpikisano wa milandu yoyeserera, maulendo okaonerera milandu ku High Court ndi misonkhano yokumana ndi olemba ntchito zikhale patsogolo. Phwando ndi chovala chake zibwere pambuyo, ndipo kamodzi pa chaka n'kokwanira. Suti imodzi yakuda yooneka bwino idzamuthandiza pa mpikisano, pofunsira ntchito ndi ku khoti, pamene diresi la phwando mwina adzalivala kamodzi kokha. Muli ndi ufulu wopempha kuona lisiti, ndipo ngati bungwe silipereka malisiti, mwana wanuyo, monga membala, akafunse pa msonkhano chifukwa chake.

Kumbukiraninso, mayi, kuti digiri si mapeto a ulendo. Kuti mwana wanu adzaime m'khoti ngati loya, ayenera kudzera ku Zambia Institute of Advanced Legal Education ndi kupambana mayeso ake, amene amadziwika kuti ndi ovuta, ndipo kumeneko kudzafunikanso fizi, mabuku ndi ndalama zoyendera. Ngati pali kandalama kotsala mwezi uno, ndi bwino kukasungira chaka chimenecho kusiyana n'kukathera pa tikiti yachitatu.

A msungichuma, chochitika chilichonse chikatha, pasanathe sabata ziwiri tumizani kwa aliyense amene anathandiza kalata yothokoza, zithunzi zingapo ndi tsamba losonyeza mmene ndalama yake inagwirira ntchito, ndipo ngati yatsalako, mufunseni ngati mubweze kapena muisungire chochitika chotsatira. Makope a zonsezi, pamodzi ndi buku la ndalama, makotesheni ndi mayina a amene anakuyankhani, muwaike mu fayilo imodzi yokhala ku ofesi ya mlangizi wanu, ndipo tsiku lopereka udindo mudzaipereke kwa msungichuma watsopano pamaso pa komiti yonse, onse awiri n'kusainira.