Filimu ya magalimoto okalamba ija ndi Genevieve

Achimwene, mwafunsa za filimu yakale ya ku Britain imene munaionerapo pang'ono muli wamng'ono, ya amuna awiri opikisana pa magalimoto okalamba, ili ndi mkazi wina woimba lipenga ataledzera, ndipo mukufuna kudziwa dzina lake komanso ngati ndi yoti n'kuonera limodzi ndi mayi a kunyumba. Imeneyo ndi Genevieve, inatuluka mu 1953. Anaitsogolera ndi Henry Cornelius, nkhani yake analemba ndi William Rose, ndipo inajambulidwa mu Technicolor nthawi imene mafilimu ambiri a ku Britain anali akadali akuda ndi oyera.

Genevieve si dzina la mkazi ayi, ndi galimoto, Darracq ya 1904. Mwini wake ndi Alan McKim, loya wachinyamata, amene gawo lake anasewera ndi John Gregson. Chaka ndi chaka Alan amalowa nawo ulendo wa magalimoto akale wochoka ku London kupita ku Brighton. Ulendo umenewu ulipodi mpaka lero, umachitika mu Novembala, ndipo amalola magalimoto opangidwa chaka cha 1905 chisanafike basi. Umakumbutsa za lamulo la 1896 limene linalola magalimoto kuthamanga mamailosi 14 pa ola m'malo mwa 4.

Koma ndikuuziretu, mukaionera chifukwa cha magalimoto okha muphonya zambiri. Nkhani yeniyeni ndi ya banja. Wendy, mkazi wa Alan, amene ndi Dinah Sheridan, watopa nayo galimotoyo. Imafa panjira, imamuzizritsa, ndipo mwamuna wake amaisisita kuposa mmene amachitira ndi iyeyo. Ndiye pali mnzake wa Alan, Ambrose Claverhouse, mkulu wa pakamwa, woseka mokuwa, amene chaka chilichonse amabwera ndi chibwenzi chatsopano m'galimoto yake ya Spyker. Gawo limeneli ndi limene linakweza dzina la Kenneth More. Vuto ndi loti Ambrose anadziwana ndi Wendy kale Alan asanamukwatire, ndipo kansanje kameneka kamamudya Alan mkati ngati nankafumbwe m'chimanga. Akapsetsana mtima ku Brighton n'kubetcherana mapaundi 100 kuti afike ndani poyamba pa Westminster Bridge pobwerera, inu mumaona kuti mpikisanowo si wa injini. Amuna akuluakulu asanduka ana, kuberana, kunamizana, kutcherana misampha panjira, akazi awo akungopukusa mitu.

Za lipenga munazikumbuka bwino. Ameneyo ndi Kay Kendall, akusewera ngati Rosalind, chibwenzi cha Ambrose chaka chimenecho, amene anabwera ndi chigalu chake chachikulu cha mtundu wa St Bernard n'kuchikweza m'galimoto. Kuphwando la ku Brighton wamwa mopitirira, akuumirira kuti amadziwa kuimba lipenga, anzake akugwira nkhope ndi manyazi poganiza kuti achita chipongwe. Akulanda lipengalo kwa woimba, n'kuliomba mwaluso mpaka holo yonse kuti zii, kenako n'kukagona tulo pampando ngati palibe chachitika. Kunena zoona, amene anaimba lipengalo si Kendall koma katswiri wa lipenga Kenny Baker, koma nkhope imene Kendall amapanga ndi yake yake. Zomvetsa chisoni, mayiyu anamwalira mu 1959 ndi khansa ya m'magazi ali ndi zaka 32 zokha.

Ine komwe ndimaseka kwambiri ndi pa hotela ija. Alan ndi Wendy afika usiku malo abwino atatha, n'kupatsidwa kachipinda koyang'anizana ndi chiwotchi chachikulu cholira ngati chikugumula khoma. Mayi woyang'anira hotelayo, Joyce Grenfell, akuwafotokozera mwaulemu wonse kuti madzi otentha amapezeka masana okha, ndipo akudabwa kuti iwo akudandaula chiyani. Amene anagonapo pa resiti hausi yotchipa ndi mkazi wokwiya amvetsa.

Nyimbo yake ndi ya Larry Adler, ya harmonica, ndipo imakakamira m'mutu sabata yathunthu. Ku America dzina lake analichotsa pa filimuyi chifukwa anali pa mndandanda wa anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu, moti nyimboyo itasankhidwa kupikisana pa Oscar panalembedwa dzina la Muir Mathieson. Filimuyo inapata mphoto ya BAFTA ya filimu yabwino koposa ya ku Britain.

Kodi muionere ndi mayi? Eya, onerani, ndi yaifupi, siifika ola ndi theka, ndipo mulibe zolaula. Chingelezi chake n'chothamanga, chonde yatsani mawu olembedwa pansi aja. Mapeto sindikuuzani, kupatula kuti chakumapeto kuli mkulu wina wokalamba amene amaimitsa Alan pamsewu mpikisano uli pakati, n'kuyamba kumufotokozera za Darracq imene anali nayo ali mnyamata. Muonetsetse zimene Alan amachita pamenepo, ndiponso mmene Wendy amamuyang'anira. Galimoto zonse ziwiri zilipo mpaka pano, zikusungidwa ku Louwman Museum mumzinda wa The Hague ku Netherlands.